Mudzi udatha, tchalitchi chikadalipo

Abale anga a kuno kumalire, ine ndine mmisiri womanga nyumba. Ntchitoyi ndidaiyamba ndili kamnyamata, ndikuponyera njerwa malemu bambo anga ali pansanja, ndipo lero m'mutu muli mbuu ndi imvi. Cholembera sichidandizolowere m'manja ngati nyundo, koma pali nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo chibwerereni ku ulendo wakutali, ndiye ndati ndiitule pano kuti nanunso muiyeze.

M'mudzi mwathu muli kanyumba kopemphereramo kamene bambo anga ndi anzawo adamanga mu 1962. Njerwa adaumba okha kudambo, naziotcha okha, namanga ndi dothi chifukwa simenti siinkafika m'manja mwa munthu wamba. Nkhondo itatikulira mu 1986 tidathawira ku Malawi monga mudachitira ambiri a inu, ndipo pobwerera mu 1993 tidapeza malata onse adazulidwa, zitseko palibe, mkati mutamera udzu ndi timitengo. Koma makoma adali chilili, ndipo tidafoleranso mu 1994. Tsopano anthu tachuluka, kanyumbako kachepa, ena amapemphera ataima panja. Komiti idaganiza zoti tikagwetse, njerwa zake tiziponye m'maziko a tchalitchi chachikulu. Ndisakubisireni, woyamba kukweza dzanja ndidali ine, pakuti ndinkadziwa kuti ntchito yomanga chatsopanocho idzagwera ine ndemwe.

Nkhani ikadali m'kamwa choncho, mu 2023 mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Hereford ku Mangalande, adanditumizira tikiti ya ndege kuti ndikaone adzukulu. Nditakhala kumeneko masabata awiri ndikungoyang'ana mvula pazenera, tsiku lina Loweruka iye adati, "Ababa, inu ndinu omanga. Valani jekete, tiyeni mukaone ntchito ya amisiri anzanu." Tidakwera galimoto ndi mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi zitatu, nkuyenda makilomita 14 chakummwera cha kumadzulo, m'timisewu topapatiza ta pakati pa minda ndi mabusa a nkhosa, mpaka tidafika pa kamudzi kotchedwa Kilpeck. Kutsogolo kunkaoneka mapiri. Mwana wanga adati mapiriwo ndi a dziko la Wales, ndipo malire ali pa mtunda wa makilomita 8 okha. Ndidaseka, ndati kani wanditenga kumalire nkundifikitsanso kumalire.

Ine ndinkayembekeza chinyumba chachitali chofika kumitambo monga timaonera pa zithunzi. Chimene ndidapeza ndi katchalitchi kakang'ono ka miyala yofiirira ngati katondo, kopanda nsanja, kongokhala ndi kakhoma ka mabelu pamwamba pa denga chakumadzulo. Mumtima ndidati, kodi petulo yense uja tathera kameneka? Koma atandiuza zaka zake ndidavula chipewa. Tchalitchichi chidamangidwa cha m'ma 1140. Pamene Vasco da Gama ankafika pagombe la dziko lathu mu 1498, icho chidali chitakhala kale zaka zoposa 350. Pamene Angoni a Zwangendaba ankaoloka Zambezi mu 1835, chidali chikuyandikira zaka 700. Lero chatsala pang'ono kukwanitsa zaka 900, ndipo anthu akadapempheramo.

Mbiri ya malowo siingamuvute munthu wakumalire kuimva. Kalekale dera limenelo lidali ufumu waung'ono wa anthu a ku Wales wotchedwa Ergyng, ndipo ankalankhula chinenero chawo. Pambuyo pake lidagwa m'manja mwa mafumu a Angerezi, koma anthu adapitiriza kulankhula ndi kusunga miyambo ya makolo awo kwa zaka mazana ambiri. Ngakhale dzina loti Kilpeck ndi lochokera ku chinenero cha ku Wales. Tchalitchicho chili ndi maina awiri, la Maria Woyera ndi la Davide Woyera, ndipo Davideyo si mfumu ya m'Baibulo ija ayi. Mabuku akale a ku Llandaff, ku Wales komweko, amatchula kuti pamalopo padali kale nyumba ya mapemphero zaka mazana angapo ichi chisanamangidwe. Mzere wa pamapu udasuntha, koma anthu ndi manda a makolo awo sadasunthe.

Mu 1066 kudabwera ankhondo otchedwa a Norman kuchokera ku France, nalanda dziko lonse la Mangalande. Mfumu yawo, William, idagawira minda anthu ake, ndipo mu 1086 idatuma alembi kuyenda mudzi ndi mudzi kuwerenga minda, makasu a ng'ombe ndi anthu, kuti idziwe msonkho woyenera. M'buku limenelo Kilpeck alimo, ali m'manja mwa munthu wotchedwa William fitz Norman. Iyeyu adaunjikitsa dothi ndi manja a anthu mpaka lidakhala chulu chachikulu, nakumba ngalande mozungulira, namanga linga pamwamba pake kuti azilondera malire. Mwana wake, Hugh, amene ankayang'anira nkhalango za mfumu, ndiye adamangitsa tchalitchichi pafupi ndi lingalo, ndipo adachipereka m'manja mwa amonke a ku Gloucester. Motero chidamangidwa ndi atsamunda a nthawi imeneyo, pa nthaka ya anthu ogonjetsedwa. Nditamva zimenezi ndidagwedeza mutu, pakuti nkhani yotere si yachilendo m'makutu mwathu.

Tsono ndikuuzeni za kamangidwe, poti kumeneko ndiye kwanga. Nyumbayo ili ndi zipinda zitatu zotsatizana, china chocheperapo pa chinzake. Choyamba, chachikulu, ndi cha anthu wamba. Chachiwiri ndi cha wansembe. Chachitatu, cha guwa, ndi chozungulira ngati theka la nkhokwe, ndipo chaloza kummawa, monga amachitira matchalitchi ambiri akale a dzikolo. Simenti imene tikuidziwa ife idapezeka mu 1824, choncho amisiri aja adamanga ndi laimu wosakaniza ndi mchenga. Laimu amauma pang'onopang'ono ndipo sagwira mouma gwa ngati simenti, motero nthaka ikasuntha pang'ono khoma limatsatira osang'ambika msanga, ndipo chinyontho chikalowa chimatulukanso. Makoma ndi ochindikala kwambiri, mazenera akale ndi ang'ono, kunja opapatiza koma mkati otambasuka kuti kuwala kumwazike.

Pamwamba pa makomo ndi mazenera sadaikepo chitsulo kapena mtanda wa konkire monga timachitira ife. Adapinda miyala ngati uta. Kachitidwe kake nkotere: kalipentala amakhoma chikombole cha matabwa chokhota, womanga amayala miyala yosemedwa ngati mphero kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo wa pakati ukalowa amachotsa matabwa aja. Kulemera kwa khoma kumene kukadaugwetsa utawo ndiko kumaulimbitsa, chifukwa mwala uliwonse umapanikiza unzake. M'chipinda cha guwa ngakhale denga la mkati ndi la miyala, lokhala ndi nthiti zokumana pamwamba, ndipo pokumanirapo adasemapo mitu inayi yonga ya amphaka. Ndidayendetsa chala m'mizere ya pakati pa miyala, ndipo ndidachita manyazi pokumbukira makoma ena amene ine ndidamanga ndi levulo m'manja, amene adang'ambika zaka khumi zisanathe.

Chimene chimakokera alendo ku Kilpeck ndi khomo lakummwera. Abale, ine ndaona zitseko zosemedwa ndi mitondo yokongola, koma izi ndi zina. Mbali zonse ziwiri za khomolo kuli njoka zonenepa zopotana, ina ikuluma mchira wa inzake, kukwera mpaka pamwamba. Pa nsanamira ya kumanzere pali asilikali awiri, wina pamwamba pa mnzake, ovala zipewa zosongoka, atakodwa m'ziyangoyango. Pa ya kumanja pali mbalame, ndipo pamutu pake pali nkhope ya munthu wa maso otong'oka, m'kamwa mwake mukutuluka nthambi za masamba. Pamwamba penipeni pa chitseko pali mtengo wa mpesa wokhala ndi zipatso, umene amautcha mtengo wa moyo, ndipo pa uta wozungulira pali mngelo akuuluka pakati pa zilombo za milomo ya mbalame, nsomba ndi zinjoka. Zonsezi nzosemedwa pamwala ndi tchizulo ndi nyundo, ndipo m'mphepete mwake mukadali mwakuthwa ngati adamaliza chaka chatha.

Khomo limeneli silidali lolowera chabe. Masiku amenewo ukwati ankamangira pakhomo la tchalitchi, panja, mudzi wonse ukuona, ndipo akatha kulonjezana ndi pamene ankalowa mkati kukachita Misa. Mwana wobadwa kumene ankamlandirira pomwepo asanamlowetse ku ubatizo. Ndidaima pamenepo ndikuganiza za miyendo yonse imene idaponda pakhomopo, ya akwati, ya azamba onyamula makanda, ndi ya onyamula maliro.

Ndikadali chiimire, mdzukulu wanga adandikoka jekete. Chichewa chake nchothyokathyoka, koma adakuwa bwinobwino kuti, "Agogo, taonani galu ndi kalulu!" M'munsi mwa denga, kuzungulira nyumba yonse, muli timiyala totulukira kunja ngati mitu ya mapaso, ndipo kalikonse nkosemedwa mosiyana ndi kanzake. Totsala lero tilipo 85. Tidazungulira tikuwerenga. Pali galu wa makutu ogwa atatsamirana ndi kalulu ngati pachibale. Pali munthu woimba chonga kaligo, pali awiri ogwirana moti sudziwa ngati akulimbana kapena akuvina, pali nkhosa yamphongo, nkhumba, mbalame, ndi chilombo chomangidwa pakamwa. Pali Mwanawankhosa wa Mulungu atanyamula mtanda, koma mmisiri adamsema moti ukamuyang'ana amangooneka ngati kavalo. Ku khoma lakumadzulo kwatulukira mitu itatu ya zinjoka yoyasamula ngati ng'ona, malilime atapindika.

Pali kamwala kamodzi kamene kadandichititsa kumtembenuza mwana kuti ayang'ane kumanda. Ndi chifanizo cha mkazi wa mutu waukulu wopanda tsitsi, ali mbulanda, akudzionetsa popanda manyazi, pakhoma la nyumba ya Mulungu. Mwana wanga wamkazi adangoyang'ana pansi akudziletsa kuseka. Ophunzira amatsutsana za tanthauzo lake. Ena amati ndi chenjezo la tchimo la chiwerewere, ena amati nchothamangitsa mizimu yoipa, enanso amati nchokhudza kubereka. Ine monga mmisiri ndidaonapo chinthu china: anthu amene adasema miyalayi sadali oopa. Adaika pakhomalo zimene ankaziona kumudzi, zimene ankaziopa usiku, ndi zimene zinkawaseketsa, ndipo mwini ntchito adawalola.

Maina a amisiriwo palibe adawalemba. Dzina la bwana wolipira lilipo m'mabuku, la wogwira nyundo mulibe, monga zimakhalira mpaka lero. Koma dzanja lawo limadziwika, pakuti kasemedwe komweko kamapezeka m'matchalitchi ena a dera lomwelo, monga ku Shobdon, ku Eardisley ndi ku Castle Frome. Mbiri imati munthu wina wotchedwa Oliver de Merlimond, amene adamangitsa tchalitchi cha ku Shobdon, adayenda ulendo wa chipembedzo kupita ku Santiago de Compostela ku Spain kudzera ku France, ndipo ophunzira amaona kuti zina mwa zosemazi zikufanana ndi za m'matchalitchi a m'njira imeneyo. Zina zikufanana ndi luso lakale la Angerezi eni ake ndi la anthu a kumpoto oyenda panyanja. Amisiri akumalire amatola uku ndi uku. Ngakhale ine kayalidwe ka njerwa ndidaphunzira kwa bambo, koma kapulasitala ndidakaphunzirira kothawa nkhondo.

Mkati ndi mozizira ndi mwa bata. Pa uta wolowera ku chipinda cha wansembe aimikapo anthu asanu ndi mmodzi osemedwa, atatu uku atatu uku, wina pamutu pa mnzake, nkhope zawo zazitali ndi zachisoni, mabuku ali m'manja. Mmodzi wagwira kiyi wamkulu, ndiye Petro ameneyo. Chakumbuyo kuli mwala wa ubatizo, waukulu ngati mphika wofululira mowa wa ukwati, pakuti kale khanda ankalimiza thupi lonse, patangopita masiku ochepa libadwire. M'zaka za m'ma 1200 akulu a mpingo ku Mangalande adalamula kuti miyala yotere izivundikiridwa ndi kukhomedwa loko, poopa anthu amene ankaba madzi odalitsidwa kukachitira zamankhwala. Palinso kamtondo ka mwala ka madzi oyera, kosemedwa ngati mimba imene manja awiri aigwirira. Mabenchi amene alimo ndi khonde la matabwa la m'mwamba chakumbuyo zidabwera patapita zaka mazana. Poyamba anthu ankaima kapena kugwada pansi, pa udzu woyala, wansembe akupemphera m'Chilatini chimene mlimi sankachimva.

Chimene chidandigwira mtima kwambiri ndi kagawidwe ka udindo. M'midzi ya ku Mangalande ya nthawi imeneyo, mlimi aliyense ankapereka chakhumi: mtolo umodzi pa mitolo khumi ya tirigu, mwanawankhosa mmodzi pa khumi, chimodzimodzinso ubweya ndi mazira. Wolandira chakhumicho, kaya wansembe kaya amonke, ndiye ankayenera kusamala chipinda cha guwa. Koma chipinda chachikulu cha anthu, denga lake, mabelu ndi mpanda wa kumanda zidali pamutu pa eni mudzi. Iwo ankasankha anthu awiri chaka ndi chaka osunga thumba ndi kuonetsetsa kuti nyumba siikudontha. Ndalama zikachepa, m'midzi yambiri ankafulula mowa wa tchalitchi, makamaka pa nyengo ya Pentekoste, nkuugulitsa pa chikondwerero, phindu lake nkugulira laimu ndi kulipira amisiri. Nditamva zimenezi ndidati, awa ndi anthu ngati ife tomwe, ankadziwa kuti mutu umodzi susenza denga.

Tidatuluka nkukwera chulu cha linga chija, chimene chili kuseri kwa manda. Pamwamba pake patsala zigumuka ziwiri zokha za khoma. Pamenepa mpamene padagonapo Mfumu John, amene adachezera Kilpeck kangapo pakati pa 1211 ndi 1214. Mu 1259 mudziwo udapatsidwa chilolezo chokhala ndi msika wa sabata ndi sabata, kusonyeza kuti udali mudzi wa anthu ambiri ndi wa malonda. Koma kuyambira 1315 mpaka 1317 mvula idaononga mbewu m'madera ambiri a ku Ulaya, kudagwa njala yoopsa. Kenaka mu 1348 ndi 1349 kudafika mliri umene amautcha Imfa Yakuda, umene udapha munthu mmodzi mwa atatu alionse m'dzikomo, mwinanso kufika theka. Eni linga adali atayamba kale kukhala kwina. Msika udazilala, amonke adachoka m'zaka za m'ma 1400, linga lidasanduka bwinja, ndipo zotsala zake zidagumulidwa pa nkhondo ya pachiweniweni ya m'ma 1640.

Kuseri kwina kwa tchalitchi kuli busa la udzu wobiriwira. Mwana wanga ankandiwerengera chikwangwani chofotokoza kuti pamenepo mpamene padali mudzi wakale, koma ndidamuuza kuti asavutike. Maso anga adali ataona kale. Nthaka yake si yosalala: apa patukuka, apo palowa, uko kukuoneka mzere wa ngalande ya mpanda. Aliyense wa inu amene adabwerera kwawo nkhondo itatha mu 1992 akudziwa kawerengedwe ka nthaka yotere. Ndimo mmene tidapezera pamene padali nyumba ya amayi, poona kachulu ka dothi la makoma ogwa ndi mafuwa atatu ali m'udzu. Ndidaima pabusapo nthawi yaitali osalankhula. Mdzukulu adafunsa amake kuti, "Agogo akulira chiyani?" Amake adati, "Asiye, akumbuka kumudzi." Kusiyana kwake nkwakuti ife tidabwerera, koma a ku Kilpeck ambiri sadabwerere.

Nanga tchalitchicho chidapulumuka bwanji? Mavuto sadachilambalale. Mu 1534 Mfumu Henry VIII adachotsa mpingo wa dzikolo pansi pa Papa, ndipo m'zaka zotsatira mafano ambiri m'matchalitchi adaphwanyidwa, zithunzi za pamakoma zidapakidwa njereza, mapemphero adasanduka a Chingerezi. Mu 1538 kudalamulidwa kuti parishi iliyonse izilemba m'buku maubatizo, maukwati ndi maliro. Chipembedzo cha m'nyumbamo chidasintha, koma miyala ya ku Kilpeck yambiri idatsala yosakhudzidwa.

Chifukwa choyamba chidandidabwitsa: umphawi. M'zaka za m'ma 1400 midzi imene idalemera ndi malonda a ubweya wa nkhosa idagwetsa kapena kukuza matchalitchi ake akale, nkumanga aatali a nsanja ndi mazenera aakulu monga mwa fasho ya nthawiyo. Ku Kilpeck kudalibe ndalama zotero, kudalibenso anthu ochuluka ofuna malo. Adangokhala nacho chomwecho. Chimene anthu a nthawi imeneyo akadachiona ngati chamanyazi ndicho lero chikukoka alendo ochokera maiko akutali.

Chifukwa chachiwiri ndi denga. Umphawi wokha sungaimike nyumba zaka 900, ukadatero bwenzi linga lija lilipo. Nyumba imafa kuyambira kumutu: madzi akalowa pamwamba pa khoma, laimu amasungunuka, mitengo imaola, kenaka zonse zimakhala pansi. Pa mibadwo yonseyo, ngakhale pamene mudzi udatsala mabanja owerengeka, padapezeka wina wokwera pamwamba kukabwezera mwala wofolera umene mphepo idasuntha. Ntchito zikuluzikulu zokonza zidachitika mu 1864, mu 1898 ndi mu 1962. Nditamva chaka chomalizachi thupi lidachita tsembwe, pakuti ndi chaka chomwe chija bambo anga ankaotcha njerwa kudambo kwathu.

Musaganize kuti kumeneko zonse zili bwino. Mpingo wa Angerezi uli ndi matchalitchi oposa 15,000, masauzande mwa iwo ndi omangidwa chaka cha 1500 chisanafike, koma m'midzi opemphera achepa, ambiri ndi okalamba, ndipo wansembe mmodzi amayendera matchalitchi angapo. Mu 2011 parishi ya Kilpeck idali ndi anthu ongopitirira pang'ono 200. Boma lidaika tchalitchichi m'gulu loyamba la nyumba zotetezedwa ndi lamulo, koma kufunafuna ndalama zokonzera kukadali pamutu pa eni mudzi, monga kale. Tidapezamo mayi wina wachikulire akusintha madzi a maluwa. Kudzera mwa mwana wanga ndidamufunsa kuti, "Mayi, kodi simutopa kusamala nyumba imene anthu ake ndi ochepa chonchi?" Iye adaseka, nayankha kuti adaipeza ili chilili, ndipo safuna kuti idzagwe pa nthawi yake. Ndidaponya kandalama m'bokosi la pakhomo, nkutuluka.

Nditabwerera kuno ndidapempha kulankhula pa msonkhano wa komiti. Ndidafotokoza zonsezi, nkunena kuti dzanja limene ndidakweza lija ndikulitsitsa. Mnyamata wina, mphunzitsi, adaimirira nati, "Bambo, mwalankhula bwino, koma azunguwo ali ndi nyumba yopanda anthu, ife tili ndi anthu opanda nyumba. Yawo ndi ya miyala yosema, yathu ndi ya njerwa ndi dothi. Kodi amayi athu azinyowa ndi mvula panja chifukwa cha mbiri?" Sindidamkwiyire, chifukwa adanena zoona. Kanyumba kathu kalibe njoka zosema, ndipo palibe mlendo adzakwere ndege kudzakaona. Ndidangomuyankha kuti, "Aphunzitsi, chachikulucho timange ndithu, ine ndidzagwira chingwe. Koma malo tili nawo. Timange pambali. M'mudzi muno chatsala nchiyani chimene chidaona nkhondo isanabwere, kupatula manda ndi makoma amenewa?"

Tidakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Ena ankawerengera njerwa zimene tikadapulumutsa, ndipo nzoona kuti tsopano tiyenera kuumba zina zambiri. Pomaliza anyakwawa adagamula kuti chatsopano chimangidwe chakumpoto, ndipo chakale chikhale chophunziriramo ana ndi chochitiramo misonkhano, koma pa pangano lakuti amene akuchifuna ndiwo azichisamala, thumba la komiti lisakhudzidwe. Adandiyang'ana ine ponena mawu amenewa. Ndidavomera. Alipo ena mpaka lero amati ukalamba wandilowa m'mutu, ndipo mwina sakunama.

Mvula isanayambe ndidatenga makwerero ndi mnyamata amene ndikumphunzitsa ntchito, tidakwera kukasintha malata awiri odontha ndi phaso limodzi lodyedwa ndi chiswe. Tikumata ming'alu ya khoma lakummawa, mnyamatayo adandiitana kuti ndidzaone. Pa njerwa ina, chapamwamba pamene munthu woima pansi sangaone, pali zidindo za zala zinayi za munthu amene adainyamula isanaume, ndipo pa ina pali phazi la galu. Sindingalumbire kuti zalazo ndi za bambo anga, pakuti oumba adali ambiri. Ndidaikapo zala zanga, ndipo zidakwanira.

Tsono abale, pafupifupi mudzi uliwonse kuno uli ndi nyumba ina yakale imene idapirira nkhondo, kaya ndi tchalitchi, kaya sukulu, kaya sitolo. Musanaigwetse, pitani kwa akuluakulu amene akadali moyo mukafunse kuti adaimanga ndani ndi chaka chanji, mulembe mainawo m'kope, pakuti a ku Kilpeck akadakonda kudziwa maina a amisiri awo koma adachedwa. Ndipo ngati mwaganiza zoisunga, musadikire thandizo lochokera kutali. Yambani mwakwera pamwamba mukaone denga, mitambo isanade.